Zomwe zinandichitikira eni sitima atasiya kutilipira

Ndagwira ntchito kwa zaka zingapo m'chipinda cha injini pa sitima zikuluzikulu zonyamula katundu, zimene zimatuta malasha, tirigu, feteleza ndi miyala ya m'migodi pakati pa madoko a kumwera ndi kum'mawa kwa Africa, ku Arabia ndi ku India. Ndine wothira oyilo: ndimalondera injini pa maola anga, ndimawerenga mamita, ndimatsuka masefa ndiponso ndimathandiza mainjiniya kukonza chilichonse chimene chawonongeka. Kwathu ndi ku Malawi, koma ntchitoyi ndinailowera ku Durban, kumene ndinachita maphunziro oyamba a chitetezo amene pangano la STCW limafuna kwa aliyense wolembedwa ntchito pa sitima, monga kuzimitsa moto, kudzipulumutsa m'madzi ndi kupereka chithandizo choyamba kwa wovulala. Ndikulemba chifukwa abale athu ambiri, makamaka amene ali ku South Africa ndi ku Mozambique, akuiyang'ana ntchito ya pa nyanja ndi chiyembekezo chachikulu. Ndikufuna kuti akwere sitima akudziwa kuti ufulu ali nawo, komanso kuti ufuluwo umathandiza pokhapokha munthu akhale ndi umboni m'manja mwake ndiponso adziwe amene angamuimbire foni kunja kwa sitimayo.

Maziko a ufulu wa amalinyero ndi pangano lotchedwa Maritime Labour Convention, limene pa sitima timangolitchula kuti MLC. Bungwe la za ntchito padziko lonse la International Labour Organization (ILO) linavomereza panganoli ku Geneva mu Febuluwale 2006, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 20 Ogasiti 2013. Mayiko oposa 100 analowamo, kuphatikizapo South Africa. Mphamvu yake yaikulu yagona pa mfundo yakuti sitima ikalowa padoko la dziko limene linavomereza panganoli, akuluakulu a dokolo angathe kuiyendera ndi kuiletsa kunyamuka ikapezeka ndi zolakwa zazikulu, ngakhale mbendera yake ikhale ya dziko limene silinalowemo. Mfundoyi ndi yofunika chifukwa umwini wa sitima ndi chinthu chobisika kwambiri. Mwini wake angakhale ku Ulaya, kampani yoyang'anira ili ku Asia, ejenti wolemba anthu ali ku Africa, pamene sitimayo inalembetsedwa ku Panama, ku Liberia kapena ku Marshall Islands, mayiko atatu amene ali ndi kaundula wamkulu wa sitima padziko lonse. Malamulo a ntchito amene amakulamulirani mukakhala m'sitima ndi a dziko la mbenderayo, osati a kwanu.

Msampha woyamba uli kumtunda, munthu asanaone ndi madzi omwe. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pamayenda zilengezo za ntchito zimene zimauza munthu kuti ayambe watumiza ndalama yolembetsera kapena ya viza. MLC imaletsa ejenti kulipiritsa mmalinyero pomupezera ntchito, kaya poyera kapena mozembera. Zimene munthu angalipire yekha ndi pasipoti yake, buku lake la umalinyero ndi chikalata cha dokotala, pamene viza amalipira ndi mwini sitima. Ku Durban ndinaona anyamata amene anapereka ndalama yonse imene anasonkhanitsa pa maganyu a zomangamanga, kenaka nambala ya foni ya ejentiyo inasiya kupezeka. Musanavomere chilichonse, funsani dzina la sitima ndi nambala yake ya IMO, imene imakhala ya manambala 7 ndipo siisintha ngakhale sitimayo isinthidwe dzina kapena mbendera. Mukailemba pa tsamba laulere la Equasis pa intaneti, muona zaka za sitimayo, amene amaiyang'anira, ndiponso ngati inagwidwapo ndi kuletsedwa kunyamuka padoko lililonse. Funsaninso ngati ili sitima ya katundu kapena yopha nsomba, chifukwa MLC siikhudza sitima za usodzi, zimene zili ndi pangano lakelake la 2007, ndiponso siikhudza zombo zoyenda pa nyanja za pakati pa dziko zokha, monga Ilala pa Nyanja ya Malawi.

Chikalata cha mgwirizano wa ntchito ndicho chuma chanu choyamba. Lamulo limati mupatsidwe mpata wochiwerenga ndi kufunsa nzeru kwa ena musanasaine, ndipo inu mukhale ndi chanu chosainidwa ndi mbali zonse ziwiri. M'kati mwake muyenera kupezeka dzina ndi keyala ya mwini sitima, udindo wanu, malipiro anu, tchuthi cholipidwa, chimene sichingachepere masiku awiri ndi theka pa mwezi uliwonse umene mwagwira, ndi ufulu wanu wobwezedwa kwanu pa ndalama za kampani. Malipiro ayenera kubwera mosadumpha mwezi, limodzi ndi pepala losonyeza zimene mwalandira ndi zimene zachotsedwa, ndipo muli ndi ufulu wouza kampani kuti gawo lina izitumiza ku banja lanu. Chakudya, madzi akumwa ndi chithandizo cha mankhwala ndi zaulere. Komiti ya ILO imaika malipiro ochepetsetsa a mmalinyero wodziwa ntchito, amene anali madola 666 a ku America pa mwezi mu 2024 ndi madola 673 mu 2025, osawerengera ovataimu ndi tchuthi. Chiwerengerochi ndi muyeso chabe, sichimanga mwini sitima aliyense, koma munthu akakulonjezani zochepera pamenepo dziwani kuti akufuna kukudyerani masuku pamutu. Kukhala m'sitima sikuyenera kufika miyezi 12, ndipo mukachotsa tchuthi malire ake enieni ndi miyezi 11. Malire amenewa anaphwanyidwa koopsa mu 2020, pamene mayiko anatseka madoko ndi mabwalo a ndege chifukwa cha mliri wa Covid-19, moti amalinyero pafupifupi 400,000 anatsekeredwa pa nyanja migwirizano yawo itatha kale.

Sitima imene ndikufuna kuikamba ndinaikwera mu 2019. Inali yakale, yonyamula katundu wosalongedza monga feteleza, ndipo tinalimo anthu a ku Philippines, ku India, ku Ukraine ndi ife ochepa a ku Africa. Chimene chinayamba kundidabwitsa chinali kaundula wa maola opuma. MLC imati munthu apume maola osachepera 10 pa maola 24 aliwonse ndi osachepera 77 pa masiku 7, ndipo kupumako kusagawidwe koposa kawiri, gawo limodzi likhale la maola 6 kapena kuposerapo. Injini ya sitimayo inkavuta pafupipafupi, choncho tinkadzutsidwa usiku kukathandiza, koma kumapeto kwa mwezi pepala lochokera mu kompyuta linkabwera loyera, losonyeza kuti aliyense anapuma mokwanira. Bambo wina wachikulire wa ku Philippines, amene anali wowotcherera zitsulo, anandiitanira pambali ndi kundionetsa kabuku kake ka m'thumba, m'mene ankalemba ola lolowera ndi lotulukira tsiku lililonse pamodzi ndi ntchito imene wagwira. Anandiuza kuti, "M'bale wanga, kompyuta ndi ya kampani, koma kabukuka ndi kako." Ndinayamba kulemba tsiku lomwelo, ndipo pepala lililonse limene ndinkasaina ndinkalijambula pa foni. Ndimaona kuti chinyengo cha pa maola opuma ndi tchimo lalikulu kuposa m'mene anthu amaliganizira, chifukwa limabera munthu ndalama yake ya ovataimu komanso limaika munthu wotopa pafupi ndi makina amene angamudule dzanja.

Malipiro anasiya kubwera mwakachetechete. Ine ndinazidziwira kwa mayi a kunyumba, amene ananditumizira uthenga wakuti, "Abambo, ku banki akuti sikunalowe kanthu, ndipo kusukulu akufuna fizi ya mwana sabata ino." Titafunsa a kaputeni, anationetsa kalata ya kampani yonena kuti ndalama zichedwa pang'ono mpaka amene anachita hayala sitimayo alipire. Mawu amenewo ndinkawadziwa kuyambira ubwana wanga, chifukwa ndi omwe amauzidwa matenanti pa esiteti ya fodya, kuti adikire mpaka fodya agulitsidwe ku okushoni, uku akudya chimanga cha ngongole. Kusiyana kwake n'kwakuti tenanti angathe kunyamula katundu wake usiku n'kuyamba ulendo wapansi, pamene ife tinali titazunguliridwa ndi madzi, mapasipoti athu ali mu sefa ya a kaputeni. Titatsitsa feteleza padoko lina la kum'mawa kwa Africa, anatiuza kuti tikaponye nangula kunja kwa dokolo ndi kudikira malangizo, ndipo malangizowo sanabwere.

Moyo wa pa nangula unkaipiraipira pang'onopang'ono. Ndiwo zamasamba ndi zipatso ndizo zinayamba kutha, kenaka nyama, mpaka wophika ankangotipatsa mpunga ndi nsomba zimene anyamata ankawedza kumbuyo kwa sitima. Dizilo atachepa, a chifu injiniya analamula kuti jenereta iziyaka maola ochepa patsiku, zimene zinachititsa kuti mafiriji asiye kuzizira, mpweya wozizira uleke m'zipinda, ndipo madzi osamba tizichita kuyeza ndi ndowa. Komabe chimene chinkatidya kwambiri sichinali njala, koma mantha ndi kusagwirizana. Ena ankati tikadandaula kunja, ejenti adzatilemba m'buku la anthu ovuta ndipo sitidzapezanso sitima. Ena ankati kampani ikamva kuti taitana bungwe la apantchito idzapsa mtima n'kutimana ndi zochepa zomwe ikanatipatsa. Mantha amenewa sindiwanyoza, chifukwa munthu amene mudzi wonse ukumudalira samasuka kutsegula pakamwa. Koma MLC imaletsa ejenti kusunga mndandanda wotsekereza anthu ntchito, imaletsanso kulanga munthu chifukwa chodandaula, ndipo imapatsa mmalinyero ufulu wokadandaula kwa a kaputeni mwachindunji kapena kwa akuluakulu a kunja kwa sitima. A kaputeni athu nawonso anali asanalandire kanthu, ndipo ndikukhulupirira kuti mumtima ankafunitsitsa kuti wina ayambe kulankhula.

Chimene chinatitsegula maso chinali pepala limene tinkalidutsa tsiku lililonse pa bolodi pafupi ndi chipinda chodyera. Kuyambira pa 18 Januwale 2017, kusintha kumene kunachitika mu MLC kumakakamiza mwini sitima kukhala ndi chikole cha ndalama, chimene nthawi zambiri chimakhala inshuwalansi ya mabungwe otchedwa P&I, choti chithandize amalinyero akatayidwa, ndipo chikalata chake chiyenera kupachikidwa poonekera pamodzi ndi nambala ya foni ndi keyala ya amene anachipereka. Lamulo limati mmalinyero watayidwa ngati mwini sitima walephera kulipira ulendo wake wobwerera kwawo, kapena wamusiya wopanda zofunika pa moyo, kapena wadula ubale yekha, kuphatikizapo kusalipira malipiro kwa miyezi iwiri kapena kuposerapo. Zikatero mmalinyero mwiniwake, popanda kudzera ku kampani, angathe kulembera a inshuwalansi, ndipo iwo ayenera kupereka malipiro otsalira mpaka a miyezi inayi, chakudya, madzi, mafuta ofunika kuti anthu akhale ndi moyo m'sitima, mankhwala ndi tikiti ya kwawo. Mvetsetsani bwino malire a miyezi inayiwo, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mwezi uliwonse umene mukudikira kupyola pamenepo mukugwira ntchito imene inshuwalansi siidzalipira. Ife tinali titapyola kale pamene tinagwirizana zolemba kalata.

Sitinali oyamba, ndipo sitinali omaliza. Mu 2013 sitima yotchedwa Rhosus, ya mbendera ya Moldova, inanyamuka ku Batumi ku Georgia ndi matani pafupifupi 2,750 a ammonium nitrate, mankhwala opangira feteleza ndi zophulitsira, pa ulendo wa ku Beira. Inaima ku Beirut, inaletsedwa kunyamuka, mwini wake anaitaya, ndipo kaputeni ndi anzake ena anakhala momwemo pafupifupi chaka. Katundu wa sitima imeneyo ndi amene anaphulika padoko la Beirut pa 4 Ogasiti 2020 ndi kupha anthu oposa 200. Bungwe la International Transport Workers' Federation, mwachidule ITF, limene ndi mgwirizano wa mabungwe a apantchito a zamtengatenga ndipo likulu lake lili ku London, linanena kuti mu 2024 mokha amalinyero 3,133 anatayidwa pa sitima 312. Vutoli likukula, ndipo limagwera kwambiri anthu a m'mayiko osauka amene amalandira sitima zakale zimene ena azikana.

Kalata yathu inali yachidule. Tinalemba dzina la sitima, nambala ya IMO, mbendera, malo amene tinali, mayina ndi maudindo athu, ndalama zimene aliyense ankayembekezera, ndi chakudya, madzi ndi dizilo zimene zinatsala. Tinaphatikizapo zithunzi za migwirizano yathu, za mapepala a malipiro ndi za chikalata cha inshuwalansi chija. Kalata yomweyo tinaitumiza kwa a inshuwalansi, kwa ITF, kwa akuluakulu a dziko la mbendera ndi kwa oyendera sitima a padokolo, ndipo tinasaina tonse amene tinagwirizana kuti pasaoneke mtsogoleri woti amuloze chala. Intaneti ya m'sitima inali itadulidwa, koma foni inkagwira tikakwera pamwamba penipeni pa sitima madzulo. Amene alibe njira ina adziwe kuti pali nambala ya SeafarerHelp ya bungwe la ISWAN, imene imayankha usana ndi usiku kwaulere, ndiponso kuti m'madoko ambiri muli abusa ndi ansembe a Mission to Seafarers ndi a Stella Maris, amene amakwera m'sitima osasankha chipembedzo cha munthu. Kwa ife munthu woyamba kufika pa boti anali m'busa wa amalinyero, atanyamula madzi akumwa, buledi, ndiwo zamasamba ndi makhadi a foni, ndipo ndinaona amuna akuluakulu akugwetsa misozi poyera.

Woyendera sitima wa ITF atatenga nkhaniyo, zinthu zinayamba kuyenda. Akuluakulu a doko anabwera kudzayendera sitimayo, anaona mosungira chakudya, anafananiza mapepala a malipiro ndi zimene tinkanena, ndipo anailetsa kunyamuka. A inshuwalansi anatumiza chakudya ndi dizilo kudzera kwa ejenti wa padoko. Pa nthawi imeneyi ndi pamene kampani, imene inali chete nthawi yonseyi, inatulukira ndi msampha umene ndikufuna kuti muuchenjerere kuposa yonse. Inatumiza munthu ndi mapepala onena kuti aliyense wofuna kupita kwawo msanga apatsidwa tikiti ndi kandalama kochepa m'manja, malinga asaine kuti walandira zake zonse ndipo alibenso mangawa ndi kampani. Anzathu awiri, amene kwawo kunali matenda, anasaina ndi kunyamuka, ndipo palibe amene anawaweruza. Woyendera wa ITF uja anatichenjeza enafe kuti tisasaine pepala lililonse limene iye kapena loya sanalione, ndiponso kuti tisatsike m'sitima mwa ife tokha popanda dongosolo, chifukwa kampani ikhoza kunena kuti tinathawa ntchito. Kuopsa kwa siginecha kunaonekera poyera pa nkhani ya Mohammed Aisha wa ku Syria, wachiwiri kwa kaputeni pa sitima ya Aman, imene inagwidwa ndi kuletsedwa kunyamuka ku Egypt mu 2017. Iye anasaina chikalata cha khoti chomuika kukhala woyang'anira sitimayo mwalamulo, ndipo chifukwa cha siginecha imeneyo sanaloledwe kuchoka mpaka mu Epulo 2021.

A inshuwalansi anatilipira malipiro a miyezi inayi ndi kutigulira matikiti, monga m'mene lamulo limanenera. Zotsalazo zinafunika njira ina. M'malamulo a za pa nyanja a mayiko ambiri, ngongole ya malipiro a amalinyero imamatirira pa sitima yeniyeniyo, moti loya angathe kupempha khoti kuti liigwire ndi kuigulitsa, ndipo amalinyero amakhala m'gulu la oyamba kulipidwa pa ndalama zogulitsirazo. Ku South Africa milandu yotere imayendera lamulo la Admiralty Jurisdiction Regulation Act la 1983, ndipo mayiko ena ali ndi malamulo awo ofanana nalo. Tisananyamuke tinasainira loya amene ITF inatipezera mphamvu zotiimira, tinasiya manambala a akaunti zathu, ndipo aliyense anatenga pepala losainidwa ndi kudindidwa ndi a kaputeni losonyeza ndalama zonse zimene kampani inali nazo ngongole kwa iye. Tinaonetsetsanso kuti m'mabuku athu a umalinyero mwalembedwa tsiku lokwera ndi lotsika, chifukwa popanda zimenezo miyezi yonse ija siikanawerengedwa pa luso lathu pofunsira ntchito ina.

Ejenti amene ananditumiza pa sitima imeneyo sanandiimbirenso, ndipo sindingakubisireni kuti kudandaula kuli ndi mtengo wake ngakhale lamulo likuletsa kubwezera. Ndinakhala pakhomo kwa kanthawi ndithu ndisanapeze ejenti wina wovomerezeka ndi boma, amene ananditumiza pa sitima yokhala ndi mgwirizano wa ITF, ndipo kumeneko malipiro ankalowa pa tsiku lake. Mlandu wa sitima yakale ija unatenga nthawi yoposa chaka, chifukwa panali ena ambiri amene ankafuna zawo, monga ogulitsa mafuta, a doko ndi a banki, ndipo pomaliza inagulitsidwa pa mtengo wotsika kwa ophwanya sitima. Malipiro otsalira ndi ndalama ya tchuthi tinalandira tonse amene tinasainira loya. Pa ovataimu yopyola imene inalembedwa mu mgwirizano, loya anatha kumenyera okhawo amene tinali ndi timabuku tathu ndi zithunzi zogwirizana ndi buku la m'chipinda cha injini, pamene ena anawerengeredwa malinga ndi pepala loyera la mu kompyuta lija. Anzathu awiri amene anasaina kuti alandira zawo zonse anayesa kulowa nawo mu mlanduwo pambuyo pake, koma maloya a mbali inayo anatulutsa mapepala awo aja, ndipo iwo sanalandire china chilichonse choposa tikiti ndi kandalama kamene anapatsidwa m'manja.